Walira Mvula Walira Matope

Mwezi wa Okutobala ukafika ku Phalombe, maso a aliyense amakhala kumwamba. Chigwa chonse, kuyambira m'tsinde mwa Michesi mpaka kumadambo a nyanja ya Chilwa, chimakhala chitauma gwa. Mizere yaungidwa kale, mbewu ili m'nyumba, ndipo pachitsime, pamsika ndi m'tchalitchi pempho limakhala limodzi: mvula ibwere. Ikabwera, dothi lomwe lija la makande, limene dzulo linali ming'alu yokhayokha, limasanduka matope omata. Limavula munthu nsapato, limadzaza pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuleka kuzungulira, ndipo ulendo wa ola limodzi umadya tsiku lathunthu. Makolo anaziona zimenezi chaka ndi chaka, n'kuzimanga m'mawu anayi: walira mvula walira matope.

Ambirife timautchula mwambiwu podzudzula. Munthu akamadandaula ndi chinthu chimene anachifuna yekha, timamuponyera mawuwa ngati kunena kuti, "Zako zimenezo." Koma amene anauyambitsa anali alimi, ndipo mlimi sanalekepo kulira mvula chifukwa choopa matope. Amailira chaka chilichonse, kwinaku akufolera denga, akukumba ngalande kuseri kwa nyumba, akukweza nkhokwe pamiyala. Mwambiwu suletsa kufuna. Umangokumbutsa kuti chimene ukupempha chili ndi abale ake, ndipo chikamabwera sichiwasiya m'mbuyo. Sukamba za madzi aja anatsika ku Michesi mu Malichi 1991, kapena a namondwe Freddy amene anakokolola midzi ya kwa Nkhulambe mu Malichi 2023. Amenewo palibe anawalira. Ukamba za mvula ya chaka ndi chaka, imene munthu amaipempha ndi pakamwa pake, kaya akudziwa kaya sakudziwa zimene imabwera nazo.

Pali malo ena pamene mwambiwu ukufunika kwambiri masiku ano, ngakhale kuti palibe khasu kapena mzere. Ndi pansi pa mitengo pamene amakaniko amakonzera njinga zamoto, pa Migowi, pa Chiringa, pa Mulomba kapena paboma. Pamalo oterewa nthaka inada kale ndi oyilo, masipanala amakhala pachiguduli, ndipo kawirikawiri pamamveka nkhani yonga iyi:

"Madala, njingayi yatha mphamvu. Pachitunda ikungolira osayenda. Ndiikireni pisitoni yaikulu."

"Pisitoni ndiika, mphwanga, imeneyo si ntchito. Koma ndalama ya zinazo uli nayo?"

"Zinazo ziti?"

Yankho la funso limeneli ndi lalitali kuposa mmene mnyamatayo akuganizira, ndipo limayambira kutali, pamene njingayo inali yatsopano.

Kabaza wa njinga zamoto asanafale, kumudzi mukamva kulira kwa injini panjira ya kumunda munkadziwiratu amene akubwera. Ankakhala mlangizi wa zaulimi, wazaumoyo wodzabaya ana katemera, woyendera sukulu, kapena bambo mfumu akupita kukachita Misa ku tchalitchi cha kutali. Njinga zawo zinali za ku Japan: Yamaha DT125 ndi AG100, Honda CG125 ndi XL125. Ntchito zikatha kapena eni ake akapuma, zina zinkagulitsidwa, zina zinkangoikidwa m'chipinda cha kuseri n'kufunditsidwa thumba. Lero ana ndi adzukulu akuzitulutsa. Akazipukuta n'kuziliza, amapeza kuti zikuyendabe, koma pamseu zikupitiriridwa ndi ma Lifo ndi ma Boxer a anzawo. Anzawowo amaseka n'kunena kuti tsabola wakale sawawa. Ndiye mwini njinga yakaleyo amafuna kuonetsa kuti tsabola wake akadali wowawa.

Koma tisafulumire kumuweruza kuti ndi wonyada chabe. Kufuna kwake kuli ndi maziko. Nandolo akacha mu Ogasiti ndi Seputembala, njinga imasenza matumba awiri kapena atatu a makilogalamu 50 kupita nawo kwa mavenda. Kumadambo kumachokera mpunga, ku Chilwa matemba ndi milamba, ndipo zonsezi zimafuna kufika pamsika lisanapendeke. Amene amadutsa mpata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi Michesi, amadziwa mmene chitunda chimaweruzira injini yotopa. Kugula njinga ina ndi maloto kwa ambiri, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene mtengo wa chilichonse chochokera kunja unakwera. Chotsala n'chakuti munthu alimbe ndi chimene ali nacho. Mnyamatayu akulira mvula, ndipo munda wake ndi woumadi.

Tsono mvula imene akuiliray ndi yotani? Mkati mwa injini muli bowo lozungulira, silinda, ndipo m'menemo pisitoni imakwera ndi kutsika. Ikatsika imakoka mpweya wosakanizika ndi petulo, ikakwera imaupanikiza, pulagi ikathetheka moto umabuka n'kuikankhira pansi mwamphamvu, ndipo kukankha kumeneko ndi kumene kumakazunguza gudumu. Ma cc amene timatchula aja ndi muyezo wa malo amene pisitoni imasesa pa ulendo umodzi, kuchokera pamwamba kufika pansi. Zinthu ziwiri zokha ndi zimene zimapanga nambalayi: kukula kwa bowo ndi kutalika kwa ulendo wa pisitoni. Mu CG125, bowo ndi la mamilimita 56.5 ndipo ulendo ndi mamilimita 49.5. Zikawerengedwa zimapereka ma cc 124. Ulendowo sungatalike popanda kusintha kiranki, ntchito yodula ndi yovuta. N'chifukwa chake maso onse amathamangira ku bowo.

Njira zokuzira bowolo zilipo ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza. Yoyamba inakonzedwa ndi opanga njinga eni ake. Ankadziwa kuti fumbi ndi zaka zidzaperesa khoma la silinda, mphamvu idzayamba kuthawira m'mbali mwa maring'i, ndipo utsi wa oyilo udzayamba kutuluka kumbuyo. Choncho anapanga mapisitoni okulirapo pang'onopang'ono: ndi 0.25, 0.50, 0.75 ndi milimita imodzi yathunthu. Silinda imapita kwa a makina ku Limbe kapena ku Blantyre, amaipala mpaka bowo libwerere pozungulira bwino, n'kuikamo pisitoni ya sitepe yotsatira. Ngakhale mutafika pa sitepe yomaliza, bowo la mamilimita 57.5, injini ija ya 124 imangofika pa 128 ndi theka. Zimene zawonjezerekazo sizingadzaze supuni yaing'ono ya tiyi. Njira imeneyi sinapangidwe kuti iwonjezere mphamvu. Inapangidwa kuti ibweze imene inatayika.

Masitepe anayiwo ndi miyoyo inayi imene silinda inabadwa nayo. Mwini wodekha amagwiritsa ntchito umodzi, n'kuyenda zaka, kenako wina. Koma amene amauza wa makina kuti alumphire pa milimita yathunthu tsiku limodzi, poganiza kuti apeza liwiro, wataya miyoyo itatu popanda chimene wapindula. Chitsulo chikapalidwa chapita. Pulagi yolakwika mungaichotse, tcheni chachifupi mungachisinthe, koma phulusa la chitsulo limene lagwa pansi pa makina palibe amene angalibwezere pakhoma. Ndipo silinda yeniyeni ya njinga ya zaka 30 kapena 40 simudzaipeza pa shopu ya sipeya ya pa Migowi.

Njira yachiwiri ndi imene mnyamata uja akufuna. Injini zambiri za ku China zimene zili pa njinga za kabaza zinatengera kapangidwe ka CG, ndipo za 150 zili ndi ulendo womwewo wa mamilimita 49.5 koma bowo la mamilimita 62. Ndiye maganizo amabwera okha: bwanji osachotsa silinda yakaleyo n'kuvekapo ya 150? Nthawi zambiri pamafunika kukuza pakamwa pa buloko ya pansi kuti silinda yonenepayo ilowe, kumenenso ndi kupala kosabwezeka. Zikatheka, injini imachoka pa 124 kufika pa 149. Yakula ndi 20 peresenti. Imeneyi ndi mvula yeniyeni. Njinga imanyamuka msanga ndi katundu, pachitunda pamene inkafuna giya yoyamba imakwera ndi yachiwiri, ndipo kulira kwake kumakhala kwakuya. Tsiku loyamba mwini wake amabwerera kwawo chimwemwe chitadzaza tsaya.

Matope oyamba ndi kutentha. Petulo wambiri akapsa, moto umachuluka, ndipo injini zimenezi zilibe madzi ozizirira. Zimadalira mphepo imene imadutsa pa zipsepse za silinda ndi za hedi njinga ikamayenda. Hedi ikakhala yakale yomwe ija, zipsepse zake zinayezedwa pa moto wa 124. Tsono taganizani za masana a Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, njinga itasenza matumba atatu, ikukwera pang'onopang'ono pamsewu wa miyala. Injini ikugwira ntchito yaikulu koposa pa nthawi imene mphepo ili yochepa koposa. Pisitoni ndi ya chitsulo chopepuka chimene chimafufuma msanga kuposa khoma la silinda, ndipo mpata wa pakati pawo sukwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Kutentha kukapitirira, mpatawo umatsekeka, oyilo amapsa, pisitoni imakakamira kukhoma. Gudumu la kumbuyo limauma pomwepo, ndipo ngati njinga inali pa liwiro, wokwera amagwa.

Matope achiwiri sawoneka ndi maso koma amamveka ndi khutu. Pamwamba pa pisitoni pali kachipinda kamene mpweya wonse uja umapanikizidwira. Pa injini ya mtunduwu mpweya umafinyidwa pafupifupi ka 9. Mukakuza silinda koma kachipindako n'kukhala komweko, kufinyako kumapitirira ka 10 ndi theka. Mpweya wofinyidwa kwambiri umatentha kwambiri, ndipo petulo akakhala wosalimba amaphulika yekha nthawi yake isanakwane. Zimamveka ngati kachitsulo kakugogoda mkati mukakoka moto pachitunda. Kugogodako kumadya pamwamba pa pisitoni mpaka kuboola. Ndipo tonse tikudziwa kumene wakabaza wa kumudzi amathira mafuta. Malo omwetsera ali kutali, nthawi zina alibe kanthu, choncho amagula wa m'zigubu ndi m'mabotolo m'mbali mwa msewu, amene palibe angalumbire kuti sanasakanizidwe. Injini yakale ija inkameza petulo wotereyu n'kupitiriza ulendo. Yokuzidwayo sikhululuka.

Achitatu ali mu kabureta. Kabowo kake ka jeti kanayezedwa kuti kapereke petulo wokwanira mpweya wa silinda yaing'ono. Silinda ikasintha, muyezowo umasokonekera, ndipo uyenera kufunidwanso mwatsopano. Petulo akachuluka njinga imatsamwa n'kumamwa mafuta mopanda phindu. Akachepa ndiye zoopsa, chifukwa injini imapsa mouma n'kumatentha koposa. Kuno kwathu pali china chowonjezera: kuyambira 1982 petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, woyambira ku Dwangwa, ndipo petulo wotere amafuna jeti yotsegukirapo pang'ono kuti moto ukhale pamuyezo. Makaniko wodziwa ntchito amamasula pulagi n'kuiwerenga. Ikakhala yakuda ndi mwaye, mafuta achuluka. Ikakhala yoyera mbuu, injini ikupsa. Ikakhala yofiirira, zili bwino. Kuwerenga kumeneku kumafuna kuyesa kangapo, ndipo mwini njinga amene akuthamangira makasitomala sakhala ndi mtima woyembekeza.

Enanso ali pansi, kumene diso silifika. Injini ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, pisitoni imakwera ndi kutsika ka 100 pa sekondi iliyonse. Pa ulendo uliwonse imaima n'kubwerera, ndipo chimene chimaigwira ndi konirodi ndi mabering'i ake. Pisitoni yaikulu ndi yolemera, ndipo moto wa pamwamba pake ndi waukulu. Katundu yenseyo amatsikira pa mabering'i amene agwira kale ntchito zaka makumi. Kiranki inalinganizidwa ndi kulemera kwa pisitoni yakale, choncho njinga imayamba kunjenjemera, mabawuti kumasuka, felemu kung'aluka m'malo owotcherera. Kilachi imene inkagwira bwino imayamba kuterereka. Tcheni chimatamuka msanga, mano a siporoketi amapindika. Pa DT, imene ndi injini ya mtundu wina yowotcha oyilo pamodzi ndi petulo, nkhani ndi yomweyo: ya 125 ili ndi bowo la mamilimita 56, ya 175 la mamilimita 66, ndipo amene wakuza silinda osayang'ana ngati kapampu ka oyilo kakupereka wokwanira, akuphika pisitoni yake. Pamapeto pake amangoti, "Injini yanoka." Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Kuti timvetse chifukwa chake njinga zakalezi zafika mpaka lero, tiyenera kudziwa mmene imodzi mwa izo inabadwira. Mu 1974 kampani ya Honda inatuma akatswiri ake kukayenda m'mayiko monga Thailand, Indonesia ndi Pakistan kuti akaone mmene anthu wamba amagwiritsira ntchito njinga zamoto. Anakapeza zimene munthu wa ku Phalombe sangadabwe nazo: banja lonse panjinga imodzi, katundu wopitirira muyezo, oyilo wosasinthidwa mpaka kuda bii, sefa za mpweya zotsekeka ndi fumbi. Injini zawo zabwino, zimene zinali ndi kamu pamwamba mu hedi, zinkafa msanga chifukwa oyilo woipa sankasamalira bwino kumwambako. Iwo sanabwerere kwawo kukadandaula kuti anthuwo sadziwa kusamala. Anakajambula injini ina. Kamu anaitsitsira pansi pafupi ndi oyilo, kuti izikankha mavalavu kudzera pa tindodo tachitsulo, ndipo sefa ya mpweya anaipanga ya siponji yochapika. Imeneyo ndiyo CG125, imene inatuluka mu 1975.

Anthu amenewa anayamba ndi kuwerenga matope, kenako n'kusankha mvula imene angaikwanitse. Akanatha kufinya mphamvu zambiri mu ma cc omwewo, koma anasiya dala mpata. Khoma la silinda analisiya lochindikala, kufinya kwa mpweya anakuika pakatikati, mabering'i anawapatsa mphamvu yoposa ntchito yawo. Munthu wothamanga magazi akaona mpata umenewu amati ndi mphamvu yongogona, yofunika kuidzutsa. Koma mpatawo ndi umene wakhala ukulipira tsiku lililonse limene oyilo anachedwa kusinthidwa, thumba lililonse lowonjezera, botolo lililonse la petulo wokayikitsa. Uli ngati mbewu imene mayi amaipachika padenga la khitchini. Njala ikavuta mungathe kuiphika, ndipo mudzakhutadi usiku umenewo, koma mvula ikadzagwa mudzaima m'munda manja ali m'khosi. Kukuza injini ndi kuphika mbewu imeneyo. Kumatheka, koma amene akuchita adziwe chimene akuika mumphika.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri mphamvu imene mwini njinga akuifuna sinafe, yangobisala. Fumbi la chilimwe la m'misewu ya kwa Jenala ndi kwa Chiwalo likatseka sefa, injini imabanika. Mavalavu akasowa mpata wake, mpweya umathawa. Maring'i akaperepeseka, pulagi ikatopa, tcheni chikauma, mabuleki akamakhuza, matayala akachepa mpweya, chilichonse chimaba kagawo kake, ndipo zikaphatikizana njinga imaoneka yokalamba. Kuzikonza zonsezi sikufika pa mtengo wa silinda yatsopano. Ndipo kwa amene vuto lake ndi chitunda ndi katundu, pali njira ina yosapala chitsulo. Kuchotsa siporoketi ya kumbuyo ya mano 40 n'kuikapo ya mano 44 kumawonjezera mphamvu yokokera pa gudumu ndi 10 peresenti. Malipiro ake ndi oonekeratu: liwiro la pamalo athyathyathya limatsika. Imeneyonso ndi mvula ya matope ake, koma ndi matope amene mungatulukemo, pakuti mukasintha maganizo siporoketi yakale ija imabwerera pamalo pake. Safunsa anadya phula, ndipo funso loyamba kwa makaniko liyenera kukhala lakuti, "Mphamvu ya njingayi yapita kuti?"

Komabe alipo amene adzaunika zonsezi n'kunena kuti, "Ndamva, koma ndikufunabe." Ameneyo ndilibe naye mlandu. Silinda yake mwina inatha kale masitepe onse, ya muyezo wakale sikupezeka, ndipo ntchito yake ikufunadi mphamvu. Mwambi wathu suti asalire mvula. Ukuti afolere denga. Atsegule injini mpaka pansi, aone konirodi ndi mabering'i, asinthe zotopa. Asankhe hedi ndi gasiketi zogwirizana ndi bowo latsopanolo kuti kufinya kusapitirire. Atchere kabureta modekha, alimbitse kilachi, agule oyilo wabwino n'kumamusintha msanga kuposa kale. Akatero ayende mtunda wa makilomita mazana angapo mopepuka, wopanda katundu wolemera, osakoka moto wonse, kuti maring'i akhazikike pakhoma. Masiku amenewa ndi owawa kwa munthu wodya za tsiku lomwelo, chifukwa anzake akunyamula makasitomala iye akuyenda ngati wodwala. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Injini yokuzidwa mwa njira imeneyi imatha kukhala zaka. Imene yangovekedwa silinda m'mawa n'kusenza nandolo madzulo siona Khirisimasi.

Khalidwe lofuna nambala yaikulu popanda abale ake si la anyamata a njinga okha. Timalitenga kumunda, pamene munthu amabwereka ekala yachiwiri alibe manja opalira kapena feteleza wothira. Timalitenga ku bizinesi, pamene ngongole imakuza shopu koma osakuza makasitomala. Chimene chimakopa ndi chakuti kukula kumaoneka ndi kumveka, pamene zochirikiza kukulako zimakhala zobisika ndi zosasangalatsa. Palibe amene amaitana anzake kudzaona bering'i yatsopano. Koma chinthu chimakula bwino pokhapokha ziwalo zake zonse zikakulira pamodzi, ndipo chiwalo chimene chasiyidwa m'mbuyo ndi chimene chidzanene tsiku lothera ulendo.

Pa njinga, chiwalo chimene chimasiyidwa m'mbuyo kawirikawiri ndi mabuleki. Njinga zakalezi zili ndi mabuleki a m'dramu, aang'ono, oyezedwa pa liwiro ndi katundu wa nthawi imeneyo. Pisitoni yaikulu siwawonjezera kanthu. Ndipo mtunda woimira sukula mofanana ndi liwiro, umathamanga kuposa. Njinga imene inkayenda makilomita 50 pa ola ikayamba kuyenda 60, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aiimitse umawonjezereka pafupifupi ndi theka. Liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi. Onjezanipo matumba, tayala lotha mapanga, mchenga wa pakhona kapena thope la Januwale. Ngakhale lamulo limazindikira malire amenewa: laisensi ya A1 ndi ya njinga zosapitirira ma cc 125, ndipo yoposa pamenepo imafuna laisensi ya A. Amene wakuza injini kufika pa 149 wawoloka mzere umenewo, ngakhale pambali pa njinga palembedwabe 125.

Apa ndi pamene mwambi wa makolo umafuna kuti tiuwonjezere mtima wathu. Kumunda, amene walira mvula ndi yemweyo amene amaponda matope. Pamsewu sizikhala choncho. Amene anasankha pisitoni ndi mmodzi, koma okwera njingayo ndi ambiri. Ndi mayi wapakati amene akuthamangira naye ku chipatala cha Holy Family usiku. Ndi agogo amene akupita kukalandira mankhwala. Ndi mtsikana wa sekondale wobwerera kusukulu ndi chikwama chake pamiyendo. Palinso mwana amene akudumpha msewu pa tsiku la msika, ndi bambo woyendetsa njinga yakapalasa atasenza makala. Palibe mmodzi wa iwo amene analipo pansi pa mtengo paja posankha bowo la mamilimita 62. Wokwera akakhala kumbuyo n'kunena kuti, "Tiyeni achimwene," wapereka moyo wake m'manja mwa zisankho zimene sanazione. Pisitoni ikakakamira pa liwiro, kapena buleki ikakana potsetsereka, matope amagwera iyeyo.

N'chifukwa chake ndimalemekeza makaniko amene amachedwetsa kasitomala wake ndi mafunso. Akanatha kulandira ndalama, kuveka silinda, n'kudikira kuti njingayo ibwerenso itanoka kuti adyeponso kachiwiri. M'malo mwake amaika pachiswe ntchito ya tsikulo pouza mnyamata zimene sakufuna kumva. Ambiri mwa amisiri oterewa alibe pepala la sukulu ya ntchito. Anaphunzira pogwira masipanala a ena, ndipo amadziwa injini ndi khutu ndi nsonga za zala. Koma m'boma limene njinga yamoto ndiyo ambulansi ya midzi yambiri, ndiyo lole ya mlimi wamng'ono, ndiyonso imanyamulidwa pamapewa kuwolotsa mtsinje mlatho ukaduka, chikumbumtima cha anthu amenewa chimateteza miyoyo yambiri kuposa mmene timawerengera. Achinyamata amene akuphunzira pa iwo atengeko luso lomasula ndi kumanga, koma atengenso kulimba mtima kouza munthu kuti ndalama yake siinakwane ntchito yonse.

Kwa amene watulutsa njinga ya bambo ake m'chipinda cha kuseri, ndinganene izi. Njingayo yakhala zaka zonsezi chifukwa amene anaipanga anaisiyira mpata, ndipo amene anaiyendetsa sanaudye wonse. Ngati mukufuna kuikuza, ikuzeni, koma muyambire kumene kuli moyo wa anthu ena. Ndalama yoyamba ipite ku mabuleki ndi zingwe zake, yachiwiri ku matayala, nyali ndi chipewa cha wokwera, yachitatu ku zam'kati zimene zidzasenze mphamvu yatsopanoyo. Pisitoni ibwere pomaliza. Ndalama ikathera panjira musanafike pa pisitoni, simunataye kanthu: muli ndi njinga ya 125 imene imaima mukaiuza kuti iime, ndipo mayi amene wakukhulupirirani ndi ulendo wake mukamufikitsa.